Kukwecha Pulesi ya Akamwini

Ine mkangano ndimaukonda, sindibisa. Ena amakonda mpira, ena kwaya, ine mungondipatsa mpando pamalo poti ndiziona bwino anthu apachibale akutukumulirana masaya, tsiku limenelo ndiye kuti ndadya ndakhuta. Koma uwu wa ku Armadale unatsala pang'ono kumulanda mwana wanga Philomena chinthu chokhacho chimene ankachifuna, ndipo unayamba ndi chitsulo.

Ana anga aakazi ndi awiri, onse ali konkuno ku Perth. Wamkulu ndi Philomenayo, ndimakhala kwake. Anatengera malemu bambo ake, munthu woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Wamng'ono ndi Ndaona, namwino ku chipatala chachikulu cha ku Nedlands, pakamwa ngati lumo. Ameneyo anatengera ine. Ndaona ali ndi khanda lalikazi, Mwenya. Philomena wakhala pabanja zaka zambiri, mphatso sinabwere, ndipo nkhani imeneyo sitiikamba. Ndiye Ndaona atanena kuti womuyimira Mwenya pa ubatizo akhala achemwali ake, Philomena anasanduka munthu wina. Anasoka yekha kadiresi koyera, ka mikanda pakhosi. Akaweruka kuntchito ankakwera sitima, kenako basi, mpaka kwa Ndaona ku Mirrabooka kukangomusambitsa mwanayo, n'kubwerako akununkhira pawudala, akuimba.

Tsopano amuna awo. A Ishmael, a kwa Philomena, ndi a ku Dedza, injiniya wa ku migodi. Amakwera ndege popita kuntchito ngati mmene ife tinkakwerera matola. Munthu wa mwambo ameneyo. Chikwatirire mwana wanga, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo m'maso. Ndikalowa pabalaza iwo amatulukira kukhitchini. Tikakumana pa kanjira ka kubafa amatembenukira kukhoma, ine n'kudutsa. Ndikafuna kuwauza kanthu ndimauza Philomena, ngakhale iwo ali pompo akumva, iwonso amayankha kwa Philomena. Nyumba ya chizungu, makoma opyapyala, koma upongozi tinausunga.

Winayo ndi Mwamba, wa kwa Ndaona, wa ku Lusaka. Tsiku limene ndinatsika ndege anandithamangira, kundikumbatira, kundipsompsona patsaya ngati ndine chibwenzi chake. Mwambo unafera pomwepo pa bwalo la ndege, maliro ake sitinalire n'komwe. Ameneyo ndimamuti iwe, ndimamutuma, ndimamutukwana, iye kumangoseka.

Amuna awiriwa matenda awo ndi amodzi, mfuti. Si zosaka nyama ayi, bola akanamabwera ndi ndiwo. Loweruka amapita ku kilabu kutchire uko, kukagona chafufumimba, kumawombera pepala lili kutali koti ine ngakhale ng'ombe sindingaione. Akatha amabwera nalo pepalalo kunyumba kudzationetsa mabowo. Mabowo akaunjikana malo amodzi ndiye kuti munthu wapambana. Amuna akuluakulu, a ndevu zawo.

Mwamba zipolopolo amagula m'sitolo. A Ishmael ati zogula ndi za alesi, iwo amadzipangira mu galaja. Mfuti ndi wonga zimakhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, kiyi m'thumba mwawo, boma la kuno silisewera. Koma pa benchi pali chitsulo chimene amachiti pulesi, chomangidwa ndi mabawuti. Chili ndi mkono wautali. Ukatsitsa mkonowo pansi pamakwera chitsulo chozungulira ngati munsi, chitasenza kachigoba ka mkuwa, n'kukakalowetsa m'chibowo cha pamwamba, kamutu ka chipolopolo n'kukhazikika pamalo pake. Nkhani yonse, ati, ndi yoti munsiwo ndi chibowocho ziyang'anizane ndendende. Zikasemphana pang'ono, ngakhale kuchepa kwa tsitsi limodzi, kamutu kamakhala chopendama, ndipo chipolopolo choterocho chikatuluka mumfuti chimayenda ngati munthu wochokera ku mowa. Zimenezi ndinazimvera kuseri kwa chitseko, akufotokozera Philomena, iye akuyasamula.

Ali ndi kawotchi kena ka muvi umodzi. Chipolopolo chilichonse amachigoneka pansi pa kawotchiko n'kumachigubuduza ndi chala. Muvi ukangonjenjemera pang'ono amatuluka mu galaja akuliza mluzu. Ukagwedezeka kwambiri, nyumba yonse imadwala.

Chaka chino anagula nyumba yawoyawo ku Armadale. Mfuti anasamutsa okha asanakwere ndege, koma tsiku lonyamula katundu wina yense iwo anali ku migodi. Amene ananyamula za mu galaja pa galimoto yake anali Mwamba. Anamanganso pulesi ija pa benchi, anadya, anapita kwawo.

M'mawa mwake ndinalowa mu galaja kukafuna tsache, ndipo ndinachiyang'ana bwinobwino chitsulocho. Chakuda bii, mafuta okhaokha, fumbi litamatirira. Ndinamuitana Philomena. Ndinangoti mkazi wosiya chinthu cha mwamuna wake chili chonchi, kwathu ali ndi dzina, ndipo dzinalo si labwino. Nyumba yatsopano, anthu abwera kudzaona, adzafunsa kuti wauve ameneyu analeredwa ndi ndani. Sindinamutume kanthu ine. Ndinangonena.

Anamanga chitenje m'chiuno, anatenga beseni, sitiliwulu ndi ufa uja wokwechera mapoto. Anamasula chilichonse chimene chinalola kumasuka. Munsi uja anaukwecha mpaka ndinadzionera nkhope yanga momwemo. Pamutu pa munsi pali kachitsulo kakang'ono kamene kamagwira chigoba. Kameneko kanamupulumuka m'manja a sopo, kanagwa pa simenti, kanagubuduka mpaka kunsi kwa kabati. Atakatola kanakana kubwerera pamalo pake. Anakakankha ndi chala, kanakana. Anatenga hamala, anagogoda kangapo, kanalowa. Kenako anadzoza zonse mafuta ophikira. Ndikukuuzani, chinawala ngati chikho cha pa guwa. Ndinati tsopano ndiye mwana wanga.

A Ishmael atabwera anaika chikwama pansi, anapereka moni kwa ine kudzera kwa Philomena, n'kulunjika ku galaja. Kenako anaitana mkazi wawo ndi mawu otsika, amene ine ndimawaopa kuposa okuwa. Ndinasendera kukhoma la kukhitchini. Anafunsa kuti wagwira pulesi ndani.

"Amene ananyamula ndi a Mwamba," anatero Philomena.

Bodza sananene, koma choona anachisiya m'beseni.

Sabata yonse imeneyo muvi wa kawotchi unavina ngati wamva ng'oma. Ankapanga chipolopolo, kuyeza, kuika pambali, kupanga china, kuyeza, kuika pambali. Chakudya chinkazizirira pa tebulo. Loweruka kunali mpikisano, ndipo poti munthu ananyoza zogula pamaso pa anthu sakanalowa m'sitolo, anapita nazo zopendamazo. Pepala lawo linabwera mabowo ali balalabalala ngati zitosi za nkhuku. Mwamba, amene chiyambire anali asanawaposepo, anapambana ndi zipolopolo za m'sitolo. Ndipo poti ndi Mwamba, anabwera ndi pepala lake kwathu n'kulimata pa firiji.

Pamenepo a Ishmael anatenga galasi lokulitsa zinthu, anasuzumira pa kachitsulo kaja, anapeza zipsera za hamala. Mutu wa injiniya unagwira ntchito. Mwamba wamenya pulesi dala kuti apambane, kenako waipukuta kuti abise. Sanakanenere kunyumba ayi. Ananenera Lamulungu pabwalo la tchalitchi ku Mirrabooka, Misa itangotha, amayi akugulitsana ufa ndi usipa kumbuyo kwa magalimoto. Anamuuza Mwamba kuti munthu wopundula chida cha mnzake kuti apambane salekana ndi mfiti. Ine ndinali nditakhala m'galimoto, ndinatsitsa galasi mpaka pansi.

Mwamba poyamba ankayesa nthabwala. Anayankha m'chinyanja chake chija. "Ba Ishmael, mwaluza che, vomelani. Ngati makina yanu yadwala, ipelekeni ku chipatala, ba Ndaona bazaipasa mankhwala."

Anthu anaseka, a Ishmael sanaseke. Anabwerezanso mawu aja, mokweza. Mwamba kumwetulira kunamuthera. Apo ndi pamene Ndaona anafika mwana ali paphewa, ndipo ndinanyadira kuti ndinabereka. Anawayamba a Ishmael kuyambira ku nsapato. Anawakumbutsa amene anawasamutsira katundu iwo ali pa ndege, anawakumbutsa kuti pa ukwati wawo suti inali yobwereka ndipo inali yaifupi, anafika mpaka kwa azakhali awo a ku Dedza amene sanawaonepo. Pomaliza anati ngati sapepesa pabwalo lomwelo pamene anyozera mwamuna wake, iwo ndi mkazi wawo asayandikire Mwenya. Pa ubatizo amuyimira Debbie, mzungu mnzake wa kuchipatala.

Philomena anali ataima pambali, atagwira chikwama ndi manja onse awiri. Ndinamuyang'ana kuti nena tsopano. Anayang'ana pansi.

Titafika kunyumba anandigwadira kuchipinda kwanga, ati mayi chonde musanene. Si kuti ankaopa kumenyedwa, a Ishmael ngakhale mphemvu amaitulutsa panja yamoyo. Chimene ankaopa n'choti anawasiya amuna ake akadzichititse manyazi pagulu iye akudziwa. Tsiku loyamba ikanakhala nkhani ya beseni ndi sopo. Tsopano tsiku lililonse likadutsa inkakula. Anati anena yekha akapeza mpata. Ndinati chabwino, nkhani ndi yako.

Ndipo masiku otsatirawo, ndisaname, ndinakondwa. Foni yanga sinazizire. M'mawa Ndaona, kundiuza kuti alamu ake ndi munthu wodzimva, wokwatira chitsulo. Ine ndinkangoti eya, wanena ndiwe. Masana amayi a ku tchalitchi, wina ati wamva kuti analozerana mfuti, wina ati apolisi anabwera. Ndinkawakonzera pang'ono, osati kwambiri. Mwamba ankaimba kudandaula kuti amai, ine nalakwa chani, ndinkamuuza kuti analakwa pomata pepala pa firiji ya eni ake. A Ishmael nawo ankadya chakudya akuuza Philomena kuti auze amayi kuti iwo sapepesa munthu wolakwa. Philomena n'kutembenukira kwa ine, ati mayi akuti sapepesa. Ine ndati uwauze ndamva. Zakudya za sabata imeneyo zinkakoma popanda mchere.

Ndinkadikira mpata wa Philomena uja. Mpata sunabwere. Ulendo wa ku Mirrabooka unatha, ankabwera kuchokera kuntchito n'kukhala pakhonde lakuseri, kuyang'ana mpanda. Tsiku lina masana, ubatizo utatsala pang'ono, ndinamupeza akusita kadiresi koyera kaja. Anakasita mbali iyi, mbali iyo, anawongola mikanda ndi chala, anakapinda, anakaika m'pepala lofewa, kenako m'jumbo. Ndinafunsa kuti kakupita kuti. Anati kwa Ndaona, kuti Debbie akamuveke mwana, poti kanasokedwa kale ndipo Mwenya akukula.

Pamenepo kukoma kunatha. Ndinaona kuti mwana uyu alolera kutaya khandalo kusiyana n'kutsegula pakamwa.

Tsono ndichite bwanji? Kuuza Ndaona kunali ngati kupatsa wamisala nkhwangwa, akanapita nayo nkhaniyo ku tchalitchi asanavale nsapato, ndipo achemwali ake sakanadzukanso. Woyenera kumva anali a Ishmael. Koma ine ndi a Ishmael sitilankhulana, ndipo mthenga wanga yekhayo anali wolakwayo. Ndinaganiza zotuma abambo a mpingo, ndinaganiza zouza mayi wa nyumba yoyandikana, koma amangomva chizungu, ine chizungu changa chimathera pa moni.

Anandithandiza ndi a Ishmael eni ake. Loweruka, ubatizo uli mawa lake, anaitanitsa Mwamba kuti abwere adzaone umboni ndi maso ake. Anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, Ndaona ali pambuyo ndi mwana, nkhope itamangidwa. Onse analowa mu galaja. Ine ndinakoka kampando kanga, ndinakhala pakhomo chammbali, nkhope kukhoma, monga ayenera kukhalira mpongozi. Makutu okha ndinawalowetsa.

Kunena zoona a Ishmael ntchito yawo amaidziwa. Anatenga chipolopolo chakale, chopangidwa asanasamuke, anachigubuduza pansi pa kawotchi, ati onani muvi uli phee. Anatenga chatsopano, ati onani tsopano. Ndinaba kuyang'ana ndi ngodya ya diso, muvi unkapita uku ndi uku. Anagwedeza munsi ndi dzanja, unalira kuti kwe kwe, ati kale sunkatero, wina waudya ndi chinthu chokhakhala. Anapatsa Mwamba galasi lija kuti aone zipsera za hamala. Mwamba anasuzumira nthawi yaitali. Anavomera kuti zipserazo zilipo, anavomera kuti wina wamenya, koma anati si iye, ndipo analumbira pa manda a amayi ake. A Ishmael anafunsa kuti nanga ndani, poti m'nyumba muno muli amayi okalamba ndi mkazi woopa ngakhale kuyang'ana mfuti.

Ndaona anati iye sanabwerere sukulu ya zitsulo. Anafunsa kamodzi, mupepesa kapena simupepesa. A Ishmael anati sapepesa. Philomena anatuluka mwakachetechete, anandidutsa, anabwera ndi jumbo ija n'kuipereka kwa mng'ono wake. Ndaona anasuzumiramo, anaona kadiresi, nkhope inagwedezeka pang'ono, koma poti ndi mwana wanga anailimbitsanso. Anaikolowetsa jumboyo pamkono n'kuuza Mwamba kuti tiyeni.

Ndinatsokomola. Ndinatembenuza mpando pang'ono, osati kwa akamwini, koma kwa chitsulocho.

"Iwe pulesi," ndinatero.

Onse anaima.

"Iwe pulesi, ndiwe wekha m'nyumba muno amene eni ako amakuyang'ana m'maso, ndiye ndikutuma iwe. Uwauze kuti akuyeza ndi wotchi, akusuzumira ndi galasi, koma sanakununkhize."

Ndaona anati mayi mwayamba liti kulankhula ndi zitsulo. Ndinamuuza kuti akhale chete, ndili ndi mlendo.

"Uwafunsenso, pulesi, kuti Mwamba uyu chibadwire anakwechapo chiyani. Kapu yomwe wamwera amaisiya pansi pa mpando."

"Zimenezo n'zoona," Ndaona zinamupulumuka.

Ndinamva nsapato za a Ishmael zikusendera ku benchi. Anawerama, ananunkhiza munsi, anapaka chala, ananunkhizanso. Mwamba naye anaika mphuno. Anati ba Ishmael, iyi ni saladi, mafuta yokazingila.

A Ishmael anaongoka. Ndinkaganiza kuti atembenukira kwa mkazi wawo monga mwa masiku onse, kuti auze amayi. Ayi. Anaika manja kumbuyo, anaweramitsa mutu pamaso pa chitsulo chawo chomwe.

"Pulesi, uwathokoze amayi. Uwafunse kuti anakusambitsa ndani."

"Uwauze kuti mwini wake ali pompano, ndipo pakamwa ali napo, ndinamupatsa ndine."

Philomena anakhala pansi pa simenti, miyendo itawongoka ngati ali pamaliro. Ananena zonse. Beseni, sitiliwulu, ufa wa mapoto, kachitsulo kogwera kunsi kwa kabati. Pa ufa wa mapoto a Ishmael anatseka maso. Atafika pa hamala anagwira benchi.

"Hamala, Philo?"

"Pang'ono pokha. Kankakana kulowa."

Mwamba anayamba kuseka. Anayesa kuletsa, zinakanika, anatsamira khoma, anatsetsereka mpaka pansi, misozi ili mbwee, kumangobwereza kuti saladi, saladi. A Ishmael anafuna kukalipa, koma munthu sangakalipire mkazi wake apongozi ali pakhomo. Anatulukira chitseko chachikulu cholowera galimoto, anazungulira nyumba, tinawaona akudutsa pa windo, anadutsanso, anakaima pa mtengo wa mandimu akuuyang'ana ngati ndi umene walakwa. Atabwera anapita kwa Mwamba, anagwada bondo limodzi pa simenti, anati achimwene ndinakulakwirani. Mwamba anafuna kuwadzutsa, koma Ndaona anati ayi, anyozera pa tchalitchi, akapepesera pa tchalitchi, amayi a usipa aja akumva. A Ishmael anati atero mawa lomwelo.

Ndinkayesa zatha. Koma jumbo inali ikadali pamkono pa Ndaona, ndipo tsopano anatembenukira kwa achemwali ake. Sanakuwe, ndipo Ndaona akapanda kukuwa ndiye kuti zavuta. Anati mwamuna wake watchedwa mfiti pamaso pa mpingo, kuntchito anthu akumufunsa, iwo ali chete, akudya, akugona. Anati munthu wotere angamuphunzitse chiyani Mwenya, poti womuyimira mwana amalonjeza kumulera m'choonadi. Anati Debbie ngakhale sadziwa kubereka mwana kumbuyo, koma sanama.

Philomena anadzuka pa simenti paja. Chibadwire sindinamuonepo maso atafiira choncho. Anati inde analakwa, anachita mantha, ndipo apepesa kwa a Mwamba mpaka atatopa nako. Koma anati iye sakanachigwira chitsulocho n'komwe, zaka zonsezi ankachidutsa, mpaka munthu wina anamuitana n'kumutcha wauve m'nyumba yake yomwe. Munthu yemweyo anakhala pa mpando kumuonerera akukwecha, kumuuza kuti apa pakadali pakuda, ndipo hamala anamulozera ndi iyeyo kuti ili pa shelefu.

Za hamalazo anawonjezera. Ine ndinangoti mwina pa shelefu pali kanthu.

Ndaona anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mayi. Inu munkadziwa?"

Ndinati ndinali pompo, maso ndili nawo.

"M'mawa uliwonse ndimakuimbirani, ndikulira, inu kumangoti eya, eya. Munkadziwa?"

Ndinati sanandifunse. Ndinatinso pakadapanda ine bwenzi pano ali pa msewu ndi jumbo yake, ndiye ayambe wathokoza.

Anandigwera onse awiri. Ha, koma ana anga amatha kulankhula. Philomena, amene ndinkamuyesa bubu, anatulutsa za chaka chimene ndinayambanitsa azakhali awo ndi mkazi wa amalume pa nkhani ya mbuzi. Ndaona anawonjezera za pa chinkhoswe chake, mmene ndinauzira akuchimuna kuti mpunga waphikidwa ndi anthu odana nafe. Wina akapuma wina ankalandira, ngati akusinja mtondo umodzi. Ine ndinkabweza, musaganize kuti ndinangokhala. Ndinawakumbutsa amene anawachapira matewera, ndinamuuza Philomena kuti mkazi wanzeru akagwetsa chinthu amanena tsiku lomwelo, ndinamuuza Ndaona kuti pakamwa pakepo anapatenga kwa ine ndipo ndikhoza kukatenganso. Amuna aja anazemba. Ndinawamva kuseri kwa galimoto, Mwamba akunena kuti akudziwa mkulu wina wa ku kilabu amene angauone munsiwo ngati ungachire, a Ishmael akuyankha motsika kuti kachitsulo kakang'onoko agula kena koma munsiwo akukayika.

Phokoso litakula Mwenya anayamba kulira. Ndaona anali pakati pa chiganizo, chala chili m'mwamba, mwana akumukoka bulauzi. Sanayang'ane n'komwe. Anangomutula mwanayo m'manja mwa Philomena, jumbo n'kuiponya pamwamba pake.

"Tagwirani mwanayu, achemwali, ndiwauze bwino mayiwa."

Philomena anamulandira, anamukhazika paphewa, mwana anatonthola nthawi yomweyo. Ndaona anapitiriza nane mpaka mawu anamuthera. Ndinamusiya apambane, pang'ono. Pochoka anapita ku galimoto manja ali lendelende, anatsegula chitseko, anaima. Philomena anamutsatira kuti ampatse mwana ndi jumbo. Ndaona anatenga mwana yekha. Anati kadiresiko abwere nako okha mawa, afike msanga adzamuveke, iye mikanda imeneyo sangaithe. Anati koma asaganize kuti nkhani yatha. Ine sananditsanzike.

M'mawa mwake m'galimoto palibe anandilankhula. Philomena anakhala kutsogolo jumbo ili pamiyendo, a Ishmael maso pa msewu. Pabwalo la tchalitchi, Misa isanayambe, a Ishmael anaima pakati pa magalimoto, anavula chipewa, ananena mokweza kuti anamunamizira m'bale wawo, pulesi inawonongekera m'nyumba mwawo momwe. Amayi aja anafuna kudziwa kuti inawonongeka bwanji. A Ishmael anangoti inasambitsidwa, ndipo Mwamba analuma kolala ya shati yake.

Ana anga anandikhazika benchi yachitatu, ati ndisayandikire. Ndinaona zonse bwinobwino. Amene anamunyamula Mwenya kupita naye kutsogolo anali Philomena, kadiresi kakuyera mbee. Madzi atamugwera pamutu mwanayo anakuwa tchalitchi chonse, ndipo Philomena analira kuposa mwanayo, mapewa kugwedezeka, mamina ndi misozi pamodzi. Ndinadzuka pa benchi yanga n'kumuuza kuti apukute mphuno, anthu akujambula.